Bessie Smith: moyo wake, mbale zake ndi kaimbidwe kake

Nabanda_Alto:

Moni nonse akuluakulu. Bandi yathu ikufuna kuika nyimbo ziwiri kapena zitatu za blues yakale pa ndandanda wa zoimba, ndipo dzina lomwe likubwerabwera ndi la Bessie Smith. Ndamvera nyimbo zake zingapo pa YouTube koma zandisiyira mafunso. Mayi ameneyu anali ndani kwenikweni, ndipo zinatheka bwanji kuti munthu amene ankatchedwa mfumukazi ya blues agone m'manda opanda chiliza zaka zoposa 30? Nanga bwanji m'nyimbo zina mawu ake akumveka ngati akuimbira m'chitini pomwe zina zikumveka bwinoko? Vuto ndi foni yanga kapena ndi mmene anajambulira? Funso lomaliza ndi lakuti woimba wa lero angayambire pati kuti aimbe nyimbo zimenezi osadzipweteka pakhosi. Odziwa tithandizeni, koma zikhale zenizeni, osati za m'maluwa.

Chatsika_Blues:

Achemwali, ine ndiyankha za moyo wake ndi ndalama. Za makina abwera ena.

Bessie Smith anabadwira ku Chattanooga m'chigawo cha Tennessee ku America, ndipo tsiku lomwe limalembedwa ndi 15 Epulo 1894. Bambo ake, amene ankalalikirako mumpingo wa Baptist, anamwalira iye ali wamng'ono kwambiri, mayi ake nawo anatsatira asanakwanitse zaka 10. Analeredwa ndi mkulu wake Viola. Ndalama yoyamba anaipezera mumsewu, iye akuimba ndi kuvina, mlongo wake Andrew ali pa gitala. Mu 1912 mlongo wake wina, Clarence, anamupezera malo m'gulu la zisudzo loyendayenda la Moses Stokes. Anamulemba ngati wovina chifukwa woimba analipo kale, Ma Rainey.

Gwirani zaka zimenezi: 1912 mpaka 1923. Ndi zaka 11 akuimba m'matenti ndi m'maholo a anthu akuda kummwera kwa America, asanajambule mbale ya galamafoni ngakhale imodzi, ndipo kunalibe maikolofoni. Wokhala pa benchi yakumbuyo analipira ngati wina aliyense, ndiye amayenera kumva liwu lililonse. Mawu amene mukumva m'nyimbo zija anakulira kumeneko. Situdiyo inangomupeza atapsa kale.

Mbale zinabwera mochedwa chifukwa makampani ankakhulupirira kuti anthu akuda sangagule. Maganizo amenewa anasintha mu 1920 pamene Mamie Smith, yemwe sanali mbale wake ngakhale dzina likufanana, anajambula "Crazy Blues" ku kampani ya Okeh ndipo inagulidwa modabwitsa. Kampani iliyonse inayamba kusaka mayi woimba blues. Chodabwitsa n'chakuti Black Swan, kampani ya anthu akuda, inamukana Bessie ponena kuti kaimbidwe kake nkokhakhala. Anamutenga ndi Frank Walker wa ku kampani ya Columbia, ndipo mu Febuluwale 1923 anajambula "Downhearted Blues", nyimbo ya Alberta Hunter ndi Lovie Austin, kuseri kwake kuli "Gulf Coast Blues". Pa piyano panali Clarence Williams.

Tsopano ndalama. Columbia inkamulipira madola 125 pa nyimbo iliyonse imene yavomerezedwa kutuluka, kenako anakweza kufika 200. Basi. Panalibe gawo lake pa mbale iliyonse yogulidwa. Mbale imodzi inkagulitsidwa masenti 75, ndipo chiwerengero chomwe chimatchulidwa pa mbale yoyamba ija ndi 780,000 m'miyezi 6. Chulukitsani nokha: ndi madola oposa theka la miliyoni amene anadutsa m'masitolo, Columbia italipira 250 yokha pa nyimbo ziwirizo. Ndiponso pachiyambi penipeni Clarence Williams anamusainitsa pepala lomwe linkapatsa iyeyo theka la malipirowo, mpaka Bessie atazindikira n'kukasaina mgwirizano wake ndi Columbia mwachindunji. Anajambula nyimbo pafupifupi 160 ku kampani imeneyi pa dongosolo lomweli. Mbale zikamagulidwa chaka ndi chaka, wopindula anali mwini kampani.

Ndalama zenizeni zinkachokera pa siteji. Mbale inali ngati chilengezo, ikafika m'tauni anthu ankadzaza holo. Pa nthawi imene anali pamwamba ankatha kupeza madola 2,000 pa sabata, kuposa wosangalatsa anthu wina aliyense wakuda pa nthawiyo. Mu 1925 gulu lake linakhala ndi bogi yakeyake ya sitima, yopakidwa chikasu, momwe munkagona oimba ndi ovina, muli khitchini, ndipo tenti ndi katundu wa pa siteji zinkayenda momwemo. Ena amaziona ngati kunyada, koma ganizirani za tsankho la nthawiyo: mahotela ambiri kummwera sankalandira munthu wakuda, ndiye gulu la anthu makumi angapo likanagona kuti? Bogiyo inathetsa vuto la malo ogona, chakudya ndi mayendedwe pa kamodzi.

Ndalamazo sizinakhalitse. Ankasamala abale ambiri amene anawasamutsira ku Philadelphia, anali wopatsa mosawerengera, ndipo mowa ankaukonda. Ukwati wake ndi Jack Gee, amene anakwatirana mu 1923, unali wa ndewu, ndipo anapatukana mu 1929 Gee atatenga ndalama n'kukonzera chionetsero woimba wina, Gertrude Saunders. Koma tisamangoloza chala khalidwe lake, chifukwa msika wonse unagwa. Mafilimu olankhula anatenga maholo amene kale ankalemba magulu a zisudzo, wailesi inayamba kupereka nyimbo zaulere, kenako chuma cha America chinagwa mu 1929. Mbale zogulidwa m'dziko lonse zinatsika kuchoka pa mamiliyoni oposa 100 mu 1927 kufika pafupifupi mamiliyoni 6 mu 1932. Columbia inamusiya mu 1931. Anajambulanso kamodzi kokha, pa 24 Novembala 1933, nyimbo zinayi ku Okeh motsogozedwa ndi John Hammond, pa malipiro ochepa kwambiri poyerekeza ndi akale. Sanasiye kuimba, ndipo m'zaka zake zomaliza anali akusinthira ku swing, mtundu wa jazz wovinira, mpaka anaimba kuholo ya Apollo ku Harlem, mumzinda wa New York, mu 1935.

Za chiliza: anaikidwa m'manda a Mount Lawn ku Sharon Hill, kufupi ndi Philadelphia, mu Okutobala 1937, ndipo anthu masauzande anabwera kumaliro. Gee, amene mwalamulo anali akadali mwamuna wake, sanamange chiliza. Chinaikidwa mu Ogasiti 1970 ndi ndalama za woimba Janis Joplin ndi mayi Juanita Green, amene ali mwana ankathandiza ntchito za pakhomo kwa Bessie.

Singano78:

Foni yanu ili ndi mlandu pang'ono, koma waukulu uli ndi chaka chimene nyimboyo inajambulidwa. Yang'anani deti. Chilichonse cha Bessie chojambulidwa Meyi 1925 isanafike chinajambulidwa popanda magetsi.

Zinkayenda chonchi. Pakhoma la situdiyo pankatuluka chilipenga chachikulu chachitsulo, kukamwa kwake kutaloza oimba. Kumapeto kwake kopapatiza kunali kachimbale kopyapyala ka galasi kapena mica, ndipo pakachimbalepo panalumikizidwa singano yodula. Munthu akaimba, mpweya unkagwedeza kachimbaleko, singano n'kumadula mzere wokhotakhota pa mbale yokhuthala ya phula imene inkazungulira pansi pake. Mphamvu yonse yodulira phulalo inali ya m'mapapo mwa woimba. Kunalibe batani lokwezera kapena kutsitsa mawu. Kusakaniza mawu kunali kusuntha anthu: woimba pafupi ndi chilipenga, piyano itakwezedwa pa nsanja kuti ifanane msinkhu ndi kukamwa kwa chilipengacho, woimba lipenga la cornet kapena trombone patali ndithu chifukwa mawu ake ndi aakulu. Woimba akafika pa noti yamphamvu ankayenera kubwerera m'mbuyo pang'ono kapena kupotoza mutu, apo ayi singano inkadula mopyola n'kulowerera mzere woyandikana nawo, mbale n'kuwonongeka. Ng'oma yaikulu inkachititsa singano kudumpha, ndipo bass ya zingwe sinkamveka n'komwe, n'chifukwa chake m'mbale za nthawi imeneyo mumamva tuba kapena piyano yokha ikugwira pansi.

Makina amenewa ankagwira mawu a pakati pa 250 ndi 2,500 Hz (muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa mawu), kungoyerekeza. Noti ya C yapakati pa piyano ndi 262 Hz, A ya pansi pake ndi 220 Hz. Bessie anali ndi mawu otsika, ndiye akatsikira kumeneko, thunthu la notiyo linkatsala kunja, ife n'kumangomva timawu tam'mwamba mwake. Kumwambanso, zilembo monga s ndi f zimakhala pamwamba pa 4,000 Hz, ndiye zinkasowa. Mwadula pansi, mwadula pamwamba, chotsala ndi chimene mwachitcha chitini chija. Komabe mwa oimba onse a nthawiyo, iye ndi amene makinawa ankamugwira bwino, chifukwa mphamvu ya mawu ake inali pakatikati pomwepo ndipo sankaimeza mawu.

Phula lija silinkaseweredwa kuti amve ngati zatheka, chifukwa singano yomvetsera ikanaliwononga. Ankalitumiza kufakitale kukalikuta ndi chitsulo, kuchokera apo n'kupanga chidindo chosindikizira mbale za shellac, mtundu wa utomoni wouma. Ndiye ankajambula nyimbo imodzi kangapo n'kudikira kuti aone yabwino. Zimene Bessie anajambula pa tsiku lake loyamba, 15 Febuluwale 1923, zinakanidwa zonse. Zotuluka zija ndi za tsiku lotsatira. Kumbukirani zimene anena a Chatsika, kuti ankalipidwa pa nyimbo yovomerezedwa yokha.

Mu 1925 Columbia ndi Victor anatenga njira yatsopano ya Western Electric: maikolofoni, amplifier ndi singano yoyendetsedwa ndi magetsi. Mawu ogwidwa anatambasuka, kuchoka cha pa 100 kufika cha pa 5,000 Hz. Nyimbo yoyamba ya Bessie pa njira imeneyi ndi "Cake Walkin' Babies" ya Meyi 1925. Kuti mumve kusiyana, imbani "St. Louis Blues" ya 14 Januwale 1925, yomwe ndi ya chilipenga, kenako "Back Water Blues" ya Febuluwale 1927. M'yachiwiriyi mumva dzanja lamanzere la James P. Johnson pa piyano, mumvanso kupuma kwa woimba.

Pali zinthu zina zimene zimawononga mawu lero, osati mu 1923.

Liwiro. Timati mbale za 78, kutanthauza kuzungulira ka 78 pa mphindi, koma Columbia m'zaka zoyambirira za m'ma 1920 inkati mbale zake zizizungulira ka 80 pa mphindi. Mukaizunguza pa 78, nyimbo imachedwa ndi magawo awiri ndi theka pa 100 alionse, ndipo mawu amatsika pafupifupi theka la semitone (mtunda wa pakati pa manoti awiri oyandikana pa piyano). Ndiye ngati woimba kiyibodi wanu akulephera kupeza kiyi, akuti ili pakati pa manoti awiri, si makutu ake ayi. Konzani liwiro pa kompyuta mpaka piyano ya m'nyimboyo igwirizane ndi yanu.

Singano. Mzere wa mbale ya 78 ndi wotakata, umafuna nsonga ya pafupifupi 3 mil (mil imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a inchi). Singano ya LP, mbale za mizere yopapatiza zimene zinabwera pambuyo pake, ndi 0.7 mil, ndiye imamira mpaka pansi pa mzere n'kumakokolola fumbi, phokoso n'kuchuluka kuposa nyimbo. Ambiri oika nyimbo pa intaneti amalakwitsa pamenepa. Wogwiritsa galamafoni yopukusa ndi dzanja asinthe singano yachitsulo akatha mbali imodzi iliyonse, chifukwa ikabuntha imayamba kusema mbale. Ndipo shellac isakhudzane ndi spirit kapena chilichonse chokhala ndi alcohol, imasungunuka. Madzi oyera, kadontho ka sopo wamadzi, burashi yofewa, n'kuiumitsa msanga.

Kuchotsa phokoso. Ena amasefa phokoso la "shhh" mopitirira muyezo mpaka kuchotsa ndi mawu omwe, nyimbo n'kumamveka ngati ili pansi pa madzi. Kope lokhala ndi kaphokoso pang'ono nthawi zambiri ndi limene lili ndi mawu athunthu. Makope amene anakonza John R. T. Davies ku Frog Records ya ku Britain ndi odalirika. Mverani pa mahedifoni, chifukwa sipika ya foni imadulanso pansi pomwe panali podulidwa kale.

Mukafuna kudziwa kuti Bessie anali ndi mwayi, mverani Ma Rainey. Iye ankajambula ku Paramount, kampani imene mbale zake zinali za zipangizo zotchipa, ndipo mawu ake amachita kuwasaka m'kati mwa phokoso.

Mphunzitsi_wa_Kwaya:

Mwana wanga, za kaimbidwe tiyambe ndi masamu, pakhosi tifikapo.

Blues wamba ili ndi ma bar 12, bar iliyonse kugunda kanayi. Mu kiyi ya C: ma bar anayi pa C, awiri pa F, awiri pa C, awiri pa G (masiku ano ambiri amaika imodzi pa G ina pa F), awiri omaliza pa C. Mawu ake ndi mizere itatu: woyamba, kuubwereza, kenako wachitatu woyankha. Mzere uliwonse uli ndi ma bar anayi, koma woimba amangodzaza awiri ndi pang'ono. Otsalawo ndi a chida chovomera. Bandi zambiri zimagwera apa. Woimba kiyibodi ndi wa gitala amaimba mosalekeza pansi pa mawu, ndiye woimba akapuma palibenso chatsopano choti khutu limve. Sankhani chida chimodzi chokha chovomera. Woimba akatsegula pakamwa chidacho chikhale chete, akatseka chilowe. Mverani "St. Louis Blues" ija: pali zida ziwiri zokha, Louis Armstrong pa cornet ndi Fred Longshaw pa limba lopopa ndi mapazi. Limba likungogwira ma chord, Armstrong akuyankha mzere uliwonse ndipo salowa m'mawu a mayiyo. Pa "Empty Bed Blues" ya 1928 ntchito yomweyo ikugwiridwa ndi Charlie Green pa trombone. Amene Bessie ankamukonda kwambiri pa ntchito imeneyi anali Joe Smith, wa cornet yofatsa.

Liwiro lake ndi lodekha kuposa mmene mukuganizira. Ikani metronome pa 70. Kugunda 48 kwa ma bar 12 kukutengerani masekondi 41. Mbali imodzi ya mbale ya mainchesi 10 inkanyamula mphindi zitatu ndi pang'ono, ndiye munkalowa ndime zinayi ndi kachiyambi basi. N'chifukwa chake "Empty Bed Blues" inatenga mbali zonse ziwiri. Pa siteji analibe malire amenewa, inunso mulibe, mutha kupatsa woimba lipenga ndime yakeyake.

Musaganize kuti nyimbo zake zonse ndi za ma bar 12. "St. Louis Blues", imene W. C. Handy anasindikiza mu 1914, ili ndi ndime ziwiri za 12, kenako chigawo cha ma bar 16 chimene chimalowa mu minor, n'kubwerera ku 12. Bandi ikapanda kuwerenga, imasochera pa chigawo chapakaticho. "Nobody Knows You When You're Down and Out" ya Jimmy Cox, imene Bessie anajambula mu Meyi 1929, imayenda ndi ma bar asanu ndi atatu ndipo ma chord amasintha pafupipafupi. Mu C imayamba C, E7, A7, kenako Dm, A7, Dm, kenako F, F# diminished, C, A7, n'kutsekera ndi D7 ndi G7. Lembani pa pepala, aliyense akhale nalo.

Tsopano mawu. Bessie sankathamanga m'mwamba ndi m'munsi. Nyimbo zake zambiri zimakhala m'kati mwa octave imodzi, ndipo nthawi zina amazungulira manoti anayi kapena asanu okha. Amasankha noti imodzi yolimba n'kumabwererako. Luso lili pa mmene akufikira pa notiyo. Mu C, noti yachitatu ndi E, koma iye amayambira cha pa E flat n'kukwera pang'onopang'ono, nthawi zina osafika n'komwe pa E. Chimodzimodzi pa noti yachisanu ndi chiwiri, pakati pa B flat ndi B. Piyano ilibe manoti apakatiwa, ndiye musaphunzire nyimboyi pomenya manoti pa kiyibodi. Phunzirani ndi khutu. Tengani mzere umodzi, muumvere kakhumi, muung'ung'udze osatchula mawu, mudzijambule pa foni n'kufananiza. Amene anakulira m'kwaya ya tonic sol-fa amavutika pano chifukwa anaphunzitsidwa kugwera pakati penipeni pa noti. M'kwaya zimenezo n'zoyenera, mu blues zimachotsa mchere wonse.

China ndi malo opumira. Sapuma pamene pali koma. Amatha kudula chiganizo pakati, kukoka mpweya, n'kugwera pa liwu lotsatira ndi mphamvu, kapena kukoka liwu limodzi kudutsa mzere wa bar. Amachedwerako pang'ono kumbuyo kwa kugunda koma osataya kuwerenga. Lembani mawu a nyimbo pa pepala, ikani chizindikiro paliponse pamene wapuma, mudzaona kuti si pamene inu mukanapumira. Vuto limabwera woimba akachedwa dala ndiye bandi n'kumamudikira: nyimbo imafooka bar ndi bar mpaka kuima. Bandi isasunthe, wochedwa akhale woimba yekha.

Za pakhosi. Kukula kwa mawu ake kunkachokera ku mpweya wa pansi pa nthiti ndi pakamwa potseguka, osati kufinya kholingo. Yesani izi: manja m'nthiti zam'munsi, kokani mpweya mpaka nthiti zitambasuke, imbani "aa" pa noti yomasuka masekondi 10 nthiti zisanagwe. Chibwano chikhale chomasuka, lilime pansi. Mukamva kukanda, kutentha kapena kufuna kutsokomola, siyani pomwepo, mwafinya. Kukhakhala kuja kumene mumamva pa manoti ena sikuli paliponse, amakuika pa liwu limodzi kapena awiri m'ndime. Woimba amene amakhakhalitsa nyimbo yonse amasasa mawu isanathe sabata, ndipo akapitiriza zingwe za mawu zimatupa n'kumera timatuza tolimba. Mawu akasasa kupitirira masabata awiri kapena atatu, pitani kwa dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi. Musakakamirenso kiyi yake. Pezani noti yotsikitsitsa ya nyimbo, ngati simukuifika momasuka kwezani kiyi yonse.

Inu muli ndi maikolofoni, ndiye simukufunika mphamvu zonse zija. Igwireni patali ngati chikhatho chimodzi, pa noti yaikulu italikitseni. Ndi zomwezo ankachita iye pamaso pa chilipenga.

Nabanda_Alto:

Zikomo kwambiri nonse, za liwiro la 80 zatimasula, tinkangokangana za kiyi. A Chatsika, mwadumpha imfa yake. Ndinawerenga kuti anamwalira chifukwa chipatala cha azungu chinakana kumulandira. N'zoona?

Chatsika_Blues:

Nkhani imeneyo ndi yofala koma si mmene zinachitikira. M'bandakucha wa pa 26 Sepitembala 1937 anali pa msewu wa Route 61 kuchokera ku Memphis kulowera ku Clarksdale, Mississippi, m'galimoto ya Packard imene ankayendetsa Richard Morgan, bambo amene ankakhala naye pa nthawiyo. Anawomba lole imene inali kutsogolo kwawo, ndipo mbali imene anakhala Bessie ndi imene inaphwanyika. Dzanja lake lamanja linatsala pang'ono kuduka, nthiti zinathyoka. Dokotala wina wa ku Memphis, Hugh Smith, amene ankadutsa pa ulendo wokawedza nsomba, anaima n'kuyamba kumuthandiza pamsewu pomwepo. Akudikira ambulansi, galimoto ina inabwera n'kuwomba ya dokotalayo, zinthu n'kusokonekeranso. Ambulansi inamutengera ku G. T. Thomas Hospital ku Clarksdale, chipatala cha anthu akuda, komwe anamudula dzanjalo, ndipo anamwalira m'mawa womwewo atataya magazi ambiri. Nyumba imeneyo pambuyo pake inasanduka Riverside Hotel.

Nkhani ya chipatala cha azungu inafala chifukwa cha zimene John Hammond analemba m'magazini ya Down Beat chaka chomwecho asanafufuze, kenako Edward Albee anailembera sewero mu 1959. Chris Albertson, amene analemba mbiri ya moyo wake mu 1972, anagwiritsa ntchito umboni wa dokotala uja n'kuwongola nkhaniyi. Izi sizikuchotsa tsankho pa nkhaniyi. Ku Mississippi ya 1937 woyendetsa ambulansi sakanayesa n'komwe kupita ndi munthu wakuda ku chipatala cha azungu, aliyense ankadziwa kumene amapita. Anthu anaikhulupirira msanga mphekesera ija chifukwa zoterozo zinkachitikadi kwa ena.

Pali inanso yofunika kuwongola. Ambiri amati "Back Water Blues" anailembera chigumula chachikulu cha mtsinje wa Mississippi cha 1927. Madeti akukana: nyimbo inajambulidwa mu Febuluwale, madzi anasefukira kwambiri mu Epulo. Wofufuza David Evans anasonyeza kuti ikugwirizana ndi kusefukira kwa mtsinje wa Cumberland ku Nashville pa nyengo ya Khirisimasi ya 1926. Mbaleyo inangofika m'masitolo pa nthawi imene dziko lonse linkakamba za madzi, n'chifukwa chake inagulidwa kwambiri.

Bass_ya_Zingwe:

Aphunzitsi anena zoona pa zambiri, koma pa liwiro ndisiyana nawo pang'ono. Mukaika nyimbo zitatu zonse pa 70 pamalo pomwe anthu abwera kudzasangalala, muwataya pa nyimbo yachiwiri. Bessie sanali wa nyimbo zachisoni zokha. Pa siteji ankavina, ankaseketsa anthu, ndipo "Cake Walkin' Babies" ndi nyimbo yothamanga. Mufilimu yaifupi ya 1929 yotchedwa "St. Louis Blues", yomwe ndi yokhayo imene tingamuone akuimba, muona mmene ankagwiritsira nkhope ndi thupi lonse. Ionereni musanayambe kuyeserera.

Kwa bandi ya masiku ano, chitsanzo chabwino ndi nyimbo zinayi za 1933 zija, makamaka "Gimme a Pigfoot" ndi "Do Your Duty". Pamenepo ali ndi Frankie Newton pa trumpet, Jack Teagarden pa trombone, Chu Berry pa saxophone, Buck Washington pa piyano, kuphatikizapo gitala ndi bass ya zingwe. Bass ikuyenda, gitala ikumenya kanayi pa bar, ndipo mawu anajambulidwa bwino moti mutha kumva chimene aliyense akuchita. Patangopita masiku atatu, Hammond yemweyo analowetsa Billie Holiday mu situdiyo koyamba, mtsikana wa zaka 18 amene anakula akumvera mbale za Bessie ndi Armstrong. Mukamvera awiriwa motsatizana mudzaona chimene maikolofoni inasintha: Billie analibe mawu odzaza tenti, koma anatenga kuchedwa kuja ndi kupinda manoti n'kuziimba chapansipansi. Ngati mawu anu ndi aang'ono, achemwali, njira yanu ndi imeneyo.

Ndikanakhala ine ndikanasanja chonchi: "Gimme a Pigfoot" poyamba kuti anthu adzuke, "Back Water Blues" ndi piyano yokha ena onse atakhala pansi, kenako "Nobody Knows You" bandi yonse italowa. Pa yomalizayi Bessie amang'ung'udza mizere ina m'malo moitchula, ndipo pamenepo bandi itsike kwambiri, apo ayi sizimveka.

Woimba ng'oma wanu mukambirane naye bwinobwino, chifukwa ngakhale pa gawo la 1933 lija panalibe ng'oma, alibe woti amukopere. Asiye ndodo atenge maburashi. Hi-hat itseke pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi, bass drum aziingokhudza. Kugunda kulikonse akugawe patatu, kutalika kenako kufupika, osati pawiri mofanana ngati mu reggae kapena m'nyimbo zambiri za kutchalitchi. Akagawa pawiri, woimba akachedwa kumbuyo zimamveka ngati walakwitsa. Ndipo asadzaze ma bar awiri omaliza a mzere ndi ma roll, malo amenewo ndi a lipenga. Poyeserera yambani ndi bass ndi mawu okha mpaka ma bar 12 akhazikike m'mutu mwa onse awiri, kenako piyano, kenako chida chovomera, ng'oma zilowe pomaliza.